Mphete Yanga M'thumba mwa Mlonda

1

Ine ndine mayi uja ndinkaseka anthu a majowajowa. Akamadutsa pakhomo pa shopu yanga atavala timakabudula, thukuta kamukamu, ndinkasuzumira pawindo n'kuwafunsa kuti, "Akukuthamangitsani ndani? Tikuitanireni apolisi?"

Ndine telala. Zaka makumi awiri ndakhala pampando umodzi womwewo mpaka mpandowo unachita chidikha. Makina anga ndi amagetsi, choncho ngakhale kupalasa kumene amapalasa matelala anzanga ine sindinkakudziwa. Tiyi wanga ankalowa masipuni anayi a shuga, ndipo masana sindinkadya popanda chakumwa chozizira pambali. Thupi langa ndinkalinyadira. Amuna anga, omwe ndi makaniko wa mabasi, ankati mkazi azioneka kuti pakhomo pake pamaphikidwa, ndiye ine ndinkaonekadi.

Chimene chinandichotsa pampando paja ndi Mzime. Limeneli ndi dzina limene tonse timaitanira mtsikana amene anali womaliza m'nyumba ya malemu amayi, amene aliyense amamudziwa kuti ndi mng'ono wanga. Ali ndi zaka 27, amaphunzitsa ana a mkaka, ndipo chaka chatha impso zake zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata ankakagona pa makina osefa magazi. Ankabwerako ali lobodo, nkhope yotupa, milomo yotuwa. Adokotala anatiuza mosabisa kuti makinawo ndi ongogulira nthawi, chofunika ndi wachibale woti amupatse impso imodzi.

Tinakhala pansi pabalaza panga. Mwa alongo anga awiri obadwa pambuyo panga, wamkulu ali ndi matenda a shuga. Wamng'ono anakayezetsa, magazi ake sanagwirizane ndi a Mzime. Kenako maso onse anatembenukira kwa ine, koma ndisanatsegule pakamwa amuna anga anayankha.

"Impso si mchere woti mungapemphane pampanda," anatero. "Mkazi wangayu ali ndi ana awiri akusukulu. Akatsalira patebulo la adokotala, anawo alera ndani? Mlamu ndimamukonda, koma nkhani imeneyi ndaitseka."

Mzime anali pampando wapakona atadzifunditsa juzi. Anamwetulira mwaulesi. "Alamu akunena zoona, asisi. Musadzivute."

Ine ndinanyamuka n'kulowa kukhitchini.

2

Patapita masiku atatu ndinauza amuna anga kuti ndikukagula nsalu za mayunifolomu, n'kukwera basi yopita kuchipatala. Anandiyeza magazi, mkodzo, mtima, n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha sabata. Nditabwerera ndinapeza adokotala a Mzime, mayi wamfupi wa magalasi, akundidikira ndi mulu wa mapepala.

"Magazi anu akugwirizana bwino ndi a wodwala," anatero. Ndinatsala pang'ono kugwada. "Koma kwerani kaye pasikelopo."

Ndinavula nsapato, n'kuchotsanso wotchi ndi mpango, ngati zimenezo ndiye zinkandilemeretsa. Sikelo inawerenga makilo 104.

"Muli chonchi sitingakuchiteni opaleshoni, mayi. BP yanunso yaima m'malire. Mukafika makilo 90, BP n'kutsika, tidzakambirana. Ndikukupatsani miyezi isanu, chifukwa mtima wa wodwala wathu wayamba kutopa ndi makina. Muchepetse shuga ndi zokazinga, ndipo tsiku lililonse muzichita zoti mutuluke thukuta."

Kenako anayamba mafunso a pafomu. Zaka, 43. Fodya, ayi. Mowa, ayi. "Munabereka kangati?"

Ndinayang'ana pansi. "Kodi limeneli ndi lofunika?"

"Kwa ine bodza likhoza kupha munthu, mayi."

Ndinawayankha. Yankho limene ndinapereka m'chipinda chija ndinali ndisanaliperekepo kwa munthu wina aliyense, ngakhale kwa mwamuna amene ndagona naye chipinda chimodzi zaka 19. Adokotala anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Za m'chipinda muno zimathera muno," anatero. "Koma tsiku losainira lisanafike, amuna anu adziwe kuti mukupereka impso, ndipo wodwala adziwe zoona zake za munthu amene akumupatsa. Kuno sitiyendera zam'seri."

Ndinatuluka m'chipinda chija. Ndinali ndi mantha atatu: oti Mzime afa ndisanachepe thupi, oti chinsinsi changa chiululika, ndi ena amene mwina mundiseka nawo. Bambo anga anamwalira ali ndi zaka 46 akuthamangira basi. Anangogwira pachifuwa n'kugwa ine ndikuona. Kuyambira tsiku limenelo, mtima wanga ukangogunda mofulumira ndinkakhala pansi pomwepo n'kuyamba kupemphera. Adokotala anali atandiuza kuti mtima wanga uli bwino, koma mantha samva za pepala.

3

Masabata awiri anatha ndikungonena kuti ndiyamba mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinalidi pafupi kukwawa. Kuyenda pamsewu sindikanatha, chifukwa anthu onse amene ndinkawaseka aja akanandiona, ndipo nkhani ikanafika kwa amuna anga dzuwa lisanalowe.

Tsiku lina ndinaperekeza Mzime ku makina. Pobwerera analephera kukwera sitepe ya basi, sitepe imodzi yokha, mpaka kondakitala anachita kumunyamula. Atakhala pansi anandinong'oneza kuti, "Asisi, mundisokere diresi loyera lija munandilonjeza. Lisakhale laukwati, lingokhala loyera basi." Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo ndinalira njira yonse nditayang'ana pawindo.

Shopu yanga ili pansi pa nyumba ya nsanjika zisanu. Pamwamba pali maofesi, ndipo anthu onse amakwera pachikepe. Kuseri kuli masitepe othawirapo moto ukabuka, amdima pang'ono, onunkha fumbi, amene sipadutsa munthu. Mawa lake, nthawi ya nkhomaliro, ndinakhoma shopu n'kuzembera kumeneko.

Nsanjika iliyonse ili ndi masitepe 18. Pa sitepe ya khumi mtima unayamba kugunda m'makutu. Pa ya khumi ndi zisanu maso anachita mdima. Ndinakhala pansi n'kugwira chitsulo cham'mbali ndi manja onse awiri. Ndinkadziwa ndithu kuti yanga yakwana, ndifera kuseri kuno ngati khoswe, adzandipeza ndi fungo.

"Amayi a makina, mwadwala?"

Anali mlonda wa nyumbayo, bambo wachikulire wotsimphina mwendo umodzi. Tonse timawatchula kuti a Sajeni chifukwa kale anali msilikali.

"Ndikufa," ndinatero. "Itanani galimoto."

Anandiyang'ana osatekeseka. "Tandiuzani, yunifolomu ya mwana wa sitandade wani imadya nsalu yochuluka bwanji?"

"Mita imodzi ndi theka, koma akakhala wonenepa... Kodi mukundifunsa zimenezi ine ndikufa?"

"Munthu wakufa sawerengera mamita," anatero a Sajeni. "Adokotala anakuonani mtimawo?"

"Anati uli bwino."

"Basi, umenewo wangodabwa, sunazolowere ntchito. Lamulo lake ndi ili: mukamakwera muziyankhula. Mawu akamatuluka, pitirizani. Akakana, imani mupume. Chifuwa chikapweteka kapena mutu ukazungulira, pamenepo ndiye ndikuitanirani galimoto. Lero mwakwera 15. Mawa 18, osapitirira."

Sanandifunse chifukwa chake. Ndinangowapempha kuti asauze munthu, iwo n'kumenya sawasha.

4

Sabata yoyamba ntchafu zinkawawa mpaka ndinkatsika pabedi chammbali. Ndinkadana ndi masitepe aja, ndinkadana ndi a Sajeni amene ankabwera pambuyo panga akuwerenga mokweza, ndinkadana ndi tiyi wopanda shuga amene amangomveka ngati madzi otsukira poto. Mmawa uliwonse ndinkapeza chifukwa chabwino chosakwerera tsiku limenelo: kwatentha, ntchito yachuluka, bondo lalira. Koma diresi loyera lija ndinali nditalidula kale n'kulipachika pakhoma osalisoka. Ndikaliyang'ana ndinkanyamuka.

Mapazi anga ndi otambalala, nsapato zachikazi zothamangira sizinandikwane, choncho ndinagula zachimuna pakaunjika. Ndinkazibisa pansi pa tebulo lodulira pamodzi ndi thaulo, sopo ndi kabeseni. Masana ndinkalowa kuseri kwa katani koyezera makasitomala, kuvula diresi lantchito, kuvala lakale lotha, n'kutulukira khomo lakumbuyo.

Mwezi woyamba ndinafika nsanjika yachitatu. Wachiwiri ndinagwira chitseko cha padenga, masitepe 90, ndikutchulira a Sajeni mitengo ya mazipi kuti atsimikize kuti ndili moyo. Mwezi wachitatu ndinkakwera n'kutsika kanayi. Tepi yanga yoyezera, imene yanena zoona kwa amayi ambiri osafuna kuzimva, inayamba kundikomera mtima.

Apa ndiye panabuka vuto lina. Madiresi anayamba kundikhwepa. Telala wina akanangowabweza, koma ine ndinachita zosiyana: ndinasokerera siponji ya m'mapewa m'chiuno ndi m'mbali mwa madiresi anga kuti ndizioneka monga kale. Mphete yaukwati nayo inayamba kuvuka, ndiye ndinaikulunga ulusi mkati mwake kuti igwire chala.

Anthu apanjira ndinawapusitsa, koma mwamuna wako sungamupusitse ndi siponji.

"Ukutha thupi iwe," anatero tsiku lina tikudya. "Shuga wasiya, nyama yamafuta ukupatula. Ukudwala chiyani chimene sukundiuza?"

"Ndi kutenthaku, bambo."

"Chaka chatha sikunatenthe?"

Sindinadziwe kuti mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu yanga, amene pakamwa pake sipazizira, anali atawerenga kale zonse. Mkazi wa mwini akhoma shopu masana alionse. Azembera kuseri. Mlonda amutsatira. Pakatha mphindi makumi atatu atsika onse awiri ali wefuwefu, mkaziyo n'kukasamba. Inuyo mukanaganiza chiyani? Iye anauza kasitomala wake, kasitomalayo anauza mwamuna wake, ndipo mwamunayo amagwira ntchito pagalaja imodzi ndi amuna anga.

5

Linali Lachiwiri la mwezi wachinayi. Mmawa ndinali nditapita mwakabisira kukakwera sikelo kuchipatala: makilo 93. Masana ndinakwera masitepe ndi mphamvu zonse mpaka thukuta linkachita kudontha m'zala.

Madzulo ndikuwathirira amuna anga madzi osamba m'manja, anandigwira dzanja lamanzere.

"Mphete ili kuti?"

Ndinayang'ana chala. Panali kamzere koyera kokha. Ulusi uja unali utanyowa ndi thukuta n'kutereka, ine osamva.

"Ndaivula podula nsalu. Ili kushopu."

"Zaka 19 ukudula nsalu uli nayo."

Sanakalipe. Amuna anga akakalipa ndimadziwa kuti zatha, koma akati zii ndiye kuti mvula ikubwera. Anadya mwakachetechete, anafunsa ana za kusukulu, n'kukagona atayang'ana kukhoma.

Mawa lake ndinafika kushopu mbandakucha. Ndinasesa paliponse, ndinakhuthula bokosi la mabatani, ndinafufuza m'zidutswa za nsalu. A Sajeni kunalibe, mabwana awo anali atawatuma kukatenga makiyi atsopano ndipo amayenera kufika masana. Nthawi ya nkhomaliro itakwana ndinasintha zovala monga mwa masiku onse n'kukwera ndekha, ndikuyang'ana sitepe iliyonse. M'kufulumira kwanga ndinaiwala kukhoma chitseko cha shopu.

Zimene zinachitika pansi anandifotokozera a Sajeni pambuyo pake. Amuna anga anafika atavala ovolosi yawo ya girisi. Analowa m'shopu, anatsegula katani, n'kupeza diresi limene ndinachoka nditavala kunyumba lili pamsomali, nsapato zanga pansi pake, thaulo ndi sopo pambali. Mwini diresi kunalibe. Akutuluka nalo m'manja anakumana ndi a Sajeni, amene ankangofika kumene.

Bambo wachikulire uja, mtima wake woyera ngati wa mwana, anapisa m'thumba la malaya. "Mwachita bwino kubwera, bwana. Iyi ndi ya amayi. Anaigwetsa dzulo pamwamba paja, ndinaitola potseka."

Ndipo anawapatsa mphete yanga m'manja.

6

Ndinali pokhotera pa nsanjika yachinayi pamene ndinamva chitseko chapansi chikumenyetsedwa, kenako mapazi olemera akukwera. Ndinawadziwa. Ndinayang'ana kumwamba, chitseko cha padenga chinali chokhoma. Kothawira kunalibe, ndipo mtima umene unali utazolowera masitepe 90 unayambanso kugunda m'makutu ngati tsiku loyamba lija.

Anatulukira atagwira diresi dzanja lina, chibakera dzanja lina. Koma nsanjika zinayi si masewera kwa munthu amene amagona pansi pa mabasi tsiku lonse. Anafika ali wefuwefu, n'kutsamira khoma, mawu osatuluka. Anangotambasula chibakera chija. Munali mphete.

"Nkhalamba..." anapuma. "Yotsimphina... Ndiye wandisinthanitsa ndi imeneyo?"

"Bambo, si zimene mukuganiza."

"Nsapato zimenezo ndi za ndani? Zachimuna! Wafika povala nsapato zake?"

"Ndi zanga. Tagwirani diresilo m'chiuno."

Analifinya, n'kuimva siponji. Analitembenuza, n'kuona mmene ndinaisokerera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mu diresi lakale lija limene linkangolendewera, ngati akundiona koyamba.

"Ndimakwera masitepe," ndinatero. "Tsiku lililonse, miyezi inayi tsopano. A Sajeni amangondiwerengera. Adokotala akufuna ndifike makilo 90 kuti ndimupatse Mzime impso."

Ndinkaganiza kuti apepukidwa mtima. M'malo mwake nkhope yawo inada kuposa poyamba.

"Ndinati nkhani imeneyi ndaitseka. Ukanakhala ndi chibwenzi bwenzi ndikudziwa kuti ndingokuthamangitsa uli wamoyo. Koma iwe ukukonzekera kukadzipha mwakabisira, kusiya ana ako awiri, chifukwa cha mng'ono wako? Ana ako ndi mng'ono wako, wamkulu ndani?"

Amayi anga ali pafupi kumwalira anandilumbiritsa kuti mawu awa ndidzapita nawo kumanda. Ndinali nditawasunga kale kuyambira ndili mtsikana, zaka 27 zonse. Mawuwo anatulukira pamasitepe afumbi, ndili m'nsapato zachimuna.

"Ana anga si awiri, bambo. Ndi atatu. Mzime si mng'ono wanga. Ndinamubereka ine."

Pansi penipeni ndinkamva a Sajeni akutsokomola.

Ndinawauza zonse. Ndinatenga mimba ndili ndi zaka 16, ndili pasukulu. Mnyamata wake anakana, makolo ake n'kumusamutsira kutali. Amayi anandipititsa kwa achemwali awo, tinakhalako miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pobwerera khanda linali kumsana kwa amayi, ine nditanyamula chikwama. Alongo anga anali ang'onoang'ono, sanadziwe kanthu. Ndinkamusambitsa, ndinkamuperekeza kusukulu, ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba, iye akunditchula kuti asisi.

Amuna anga anakhala pansi pa sitepe. "Tsiku lija ndinkanena kuti impso si mchere, iwe unali chete, mwana wako ali pakona?"

"Ndinkaopa kuti mundisiya."

"Zaka 19," anatero, osandiyang'ana. Anaika mphete ija pa sitepe, pakati pa iwo ndi ine, n'kutsika pang'onopang'ono atagwira chitsulo.

7

Sanandithamangitse, komanso sanandiyankhule. Madzi atatayika sakanaolekanso, choncho Loweruka ndinapita kwa Mzime. Amakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sukulu yake. Ndinamupeza atagona, miyendo yotupa ataisanjika papilo.

Ndinayamba ndi nkhani yabwino, ya magazi ogwirizana ndi makilo amene ndataya. Analira, n'kundikumbatira. Kenako ndinamuuza inayo. Manja ake anandisiya pang'onopang'ono.

"Ndiye amayi aja anali agogo anga?"

"Eya."

"Pamaliro awo ndinkalira kuti ndatsala wamasiye, inu mutandigwira phewa. Munkamva ndikulira choncho?"

"Ndinkamva."

"Tsiku la ukwati wanu ndinagwira maluwa. Mutabereka ana anu ndinkawabereka kumsana n'kumati ndine mayi awo aang'ono." Anaseka kuseka kowawa. "Dzina loti mwana wanu munandimana, lero mukufuna kundipatsa impso? Isungeni. Ndazolowera makina, iwo sanandinamizepo."

"Mzime, mwana wanga..."

"Musanditchule choncho. Tsekani chitseko mukamatuluka."

Lolemba masana ndinakhala pampando wanga wa chidikha uja, ndikuyang'ana diresi loyera pakhoma. Mwamuna sakundiyankhula, mwana wandikana, nyumba yonse ya nsanjika ikundiloza chala. Ndikwererenji? Ndinatuma munthu kukandigulira chakumwa chozizira, ndinachitsegula, n'kuchiika patebulo. Ndinapisa pansi pa tebulo kuti nditaye nsapato zija, koma panalibe. Ndinadziwa kuti amuna anga azitenga, chifukwa ali ndi kiyi wina wa shopu, ndipo ndinati basi, akazitaya okha.

A Sajeni anagogoda pawindo. "Nthawi yakwana, amayi."

"Zatha, a Sajeni. Mwini wake wakana."

"Wakana lero. Akadzavomera mawa, inu muli makilo 100, mudzamuuza chiyani?"

Chakumwa chija ndinawapatsa iwo. Ndinakwera wopanda nsapato, ndikulira, ndikutchula mitengo ya mazipi. Mayi wa saluni anaima pakhomo lakuseri kuti aone bwino, ndipo pobwerera ndinamuuza kuti mawa abwere ndi nsapato zafulati, malo alipo.

Lachinayi mmawa ndinapeza nsapato zanga pakhomo la chipinda chathu. Zinali zitatha kunsi, koma tsopano zinali ndi mphira watsopano wa tayala, womatidwa bwino n'kusokedwa ndi waya wopyapyala. Amuna anga ankamwa tiyi atandifulatira.

"Zinali zoterera," anatero. "Ungagwe."

Mawu awo anali okhawo sabata yonseyo, koma ine anandikwanira.

8

Tsiku lomaliza la miyezi isanu ndinakwera sikelo ya adokotala nditatseka maso. Nthawi ino sindinavule wotchi.

"89 ndi theka," anatero. "BP ili bwino. Amuna anu akudziwa?"

"Ali panjapo."

Analidi pabenchi, atavala malaya awo akutchalitchi, akuyang'ana pansi. Anabwera okha, sindinawapemphe.

"Nanga wodwala?"

Masabata atatu Mzime sankayankha foni yanga. Ndinkangomutumizira uthenga tsiku lililonse wa nambala yokha: 92, 91, 91, 90. Sanayankhepo ngakhale umodzi.

Namwino anapita kukamuitana ku chipinda cha makina. Tinadikira. Wotchi yapakhoma inkamveka ngati ikukhomera misomali, ndipo ndinkaopa kuposa tsiku lija ndinakhala pa sitepe ya khumi ndi zisanu. Kenako chitseko chinatseguka, namwino akukankha njinga ya odwala. Mzime anali atatha, khosi ngati la mwana. Sanandipatse moni. Anayang'ana mapazi anga, nsapato zachimuna za mphira wa tayala.

"Masitepe angati?" anafunsa.

"90. Kasanu pa tsiku."

"Inu? Amene munkakwera basi popita kugolosale?"

"Ine ndemwe."

Adokotala anatenga fomu. "Ndiyenera kumva kuchokera pakamwa pako. Ukuvomera kulandira impso ya mayi awa?"

Mzime anagwedeza mutu. "Ndikuvomera."

"Pali mzere wina apa. Woperekayu ndi ndani wako?"

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Mzime anayang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu.

"Lembani kuti mayi anga," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma pakamwa sipanazolowere, asisi. Mundipatse nthawi."

"Tenga yonse," ndinatero. "Ndiyo ndakhala ndikukukwererayo."

Okondedwa owerenga, ndikulemba izi kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tilowe ku opaleshoni, ndipo ndisakunamizeni, ndikuopa. Ndikuopa mpeni, ndikuopa kuti thupi lake likhoza kuikana impsoyo, ndikuopanso kuti amuna anga sadzandiyang'ananso monga kale. Mphete ija ndinaitola pa sitepe, koma ili m'bokosi la mabatani. Ndikudikira tsiku limene adzandiveke okha.

Amayi ambiri akabwera kudzayezetsa madiresi amandifunsa kuti mphamvu zoyambira ndinazitenga kuti. Ndimawauza kuti ndinalibe mphamvu, ndinali ndi mantha basi. Ndinkaopa kukwera, koma ndinkaopa kwambiri kusoka diresi loyera lija. Ngati inunso mwakhala mukunena kuti muyamba mawa, kaonaneni ndi adokotala, pezani masitepe anu, ndipo tsiku loyamba mukwere 15 okha. Musadikire kuti wina agone pa makina ngati mmene ndinachitira ine. Ndipo ngati muli ndi chinsinsi chimene mwachisokerera siponji, dziwani kuti chimenecho chimalemera kuposa makilo 14 amene ndinataya.

Diresi lija ndalichotsa pakhoma dzulo. Ndalinyika mu utoto wachikasu, ndipo ndalisoka lokulirapo pang'ono m'chiuno, chifukwa adokotala akuti mwana wanga akachira adzanenepa.